Mbewu ya Pawu ya Amayi

Tsangano, Agosto

Mana Lestina,

Guilhermina, mkazi wa mlongo wathu Lino, wandilakwira. Ndayamba ndi dzina lake kuti mtima utsike, ndikupatseni moni bwino. Muli bwanji ku Chidzolomondo? Nanga alamu ndi ana? Kuno tilipo, kungoti kuzizira, ndi chifuwa cha ababa chija.

Mukukumbukira kambiya kakuseri kwa chitseko, kamene amayi ankasungamo mbewu ya pawu, buledi wathu uja? Akakanda ufa ankatapako kamtanda n'kusunga, kuti kadzatupitse wa ulendo wina. Chimwalirireni iwo, ine sindinaphonyepo. Loweruka ndinapita kuchigayo ndi tirigu. Pobwera ndinapeza kambiya katsukidwa mbee, kali chozondoka pathandala. Mbewu anapatsa nkhumba.

Akuti kamanunkha chowawasa, ndiye ankayesa ndi zoola. Munthu watha chaka pakhomo pano akudya pawu wanga m'mawa uliwonse, osafunsako n'kamodzi komwe kuti chimamutupitsa n'chiyani! Ndinamufunsa ngati kwawo chilichonse chimene sakuchidziwa amaponyera nkhumba. Analira. Lino akuti pakamwa panga m'pa tsabola, ufa ndi ufa basi.

M'mawa mwake mkaziyo anakagula kapaketi ka fermento, yisiti uja, ku loja, n'kundiikira pamphasa. Ndinayesa ndithu. Uvuni ndinautentha bwino, pawu anatupa, wokongola ngati wogulitsa m'tauni. Koma m'kati mphepo yokhayokha. Ababa ananyema, kununkhiza, kuviika mu tiyi, n'kusiya theka m'mbale.

Inu mukudziwa kuti chichokereni amayi, chakudya chimene ababa amamaliza ndi pawu ameneyu yekha. Pano akungomwa tiyi wosatsira kanthu, malaya ayamba kuwakulira. Ine sindikukhazikika. Ndayesa kusasitsa ufa ndi madzi, ndayesa ndi thobwa, zonse zangochita nkhungu.

Mana, tsiku limene munkapita kubanja ndinaona amayi akukutapirani mbewu ija m'kachitini. Kodi mukadali nayo? Ngati ilipo, tapaniko yonga dzira, muigubuduze mu ufa, muikulunge m'tsamba la nthochi ndi kansalu konyowa. Mumupatse Nélio wa mota, njinga yamoto ija, akamabwera kudzagula mbatatesi. Mumuuze asaimangirire pafupi ndi injini, ndipo apereke m'manja mwanga, osati mwa wina aliyense pakhomo pano.

Ngati munasiya kuphika n'kuilekerera kufa, musandilembere. Nélio angobwera chimanjamanja, ndidzadziwa ndekha. Anthu awiri sindingathe kuwakwiyira nthawi imodzi.

Kambiya ndakabisa kuchipinda kwanga, kakudikira.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa mwana wanu Khumbo, mumuuze asamathawe escola. Mulungu akusungeni nonse. Za Guilhermina ndathera pompa, sindidzazitchulanso, ngakhale kwa inu.

Ndine mng'ono wanu,
Edina