Filimu ya Kabulu Munaikana Ija

Ulongwe, Angónia

Okondedwa alamu anga a Natanael,

Choyamba ndifunse za moyo wanu ku Beira kumeneko, inu, mayi akunyumba ndi ana onse. Kutentha kwa kumeneko mukukupirira bwanji? Ife kuno tilipo, ine ndi Mwayiwathu, mwana amene anandisiyira malemu mkazi wanga, mlongo wanu Amélia. Chimanga chauma m'minda, mbatata takumba, ndipo chisanu chayamba kale kuluma m'mawa.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pomwe telefoni muli nayo. Telefoni yanuyo ndi imene yandiyatsira moto pakhomo pano. Komanso inu pa telefoni mumayamba kuseka munthu asanamalize mawu. Papepala pano mundimva mpaka ndimalize.

Ndakwiya nanu, alamu. Ndanena poyera kuti musavutike kufunafuna.

Mukukumbukira fulashi, kosungira mafilimu kaja, munatitumizira pa Natale, Khirisimasi ya chaka chatha, Amélia akadali moyo? Munaikamo mafilimu a zidole aja opangidwa pa kompyuta. Ambiri tinaonera kamodzi n'kuwaiwala, koma awiri anakhazikika m'nyumba muno. Ina inali ya amphaka oyendetsa magalimoto ampikisano, ogundana n'kumaimba. Ina inali ya kabulu kamene mayi ake anagulitsidwa pa msika, iko n'kumayenda mseu wonse kuwafunafuna.

Ine ndinali wa amphaka, ngati inu. Ndinkaseka mpaka makina osokera ndinkawaiwala pakhonde, makasitomala akudikira mabuluku awo. Ya kabulu ndinkaida, ndipo mpaka lero sindiikonda. Imayenda pang'onopang'ono, nyimbo zake n'zogonetsa tulo. Ndinkamuuza Amélia kuti maliro tili nawo ambiri aulere m'mudzi muno, bwanji tizionongera magetsi maliro a bulu?

Iye ankandibwezera kuti amphaka angawo ndi phokoso lokhalokha ngati pokwerera mashapa, maminibasi a ku Tete, ndipo kuti mwamuna wandevu woseka mphaka atavala chipewa ngofunika kumupempherera. Tinkakangana choncho, mwana ali pakati akuseka tonse awiri. Pomaliza Amélia ankati chakonda mnzako mlekere, mawa udzakonda chako. Tinagawana masiku: Loweruka amphaka, Lamulungu kabulu.

Amélia atayamba kudwala, masiku onse anasanduka a kabulu. Ankagona pamphasa pabalaza, Mwayiwathu atatsamira pamimba pake. Mawu onse a mayi wa kabulu anali atawaloweza m'Chipwitikizi, ndiye bulu uja akamayankhula, Amélia ankayankhulira limodzi naye, akusisita mutu wa mwana. Inu izi simunazione. Munabwera atatsala pang'ono kutisiya, munagona pamaliro masiku ochepa, n'kubwerera kuntchito.

Titaika maliro, mwanayu anasiya kudya. Ndinayesa kumunyengerera, ndinayesa kumukalipira, osatheka. Tsiku lina atachokera ku sikola anayatsa yekha televizau n'kuika kabulu. Analira pamalo pomwe mayi uja amakwezedwa pa lole, filimu itatha anadzuka, anasamba kumaso, n'kundifunsa ngati kuli chakudya. Kuyambira pamenepo zinkayenda choncho tsiku ndi tsiku: kuonera, kulira, kusamba, kudya. Ine sindine dotolo, koma ndinaona kuti mwana wayamba kubwerera m'thupi, ndiye ndinamuleka.

Kenaka kunabwera achemwali anu a Sílvia kuchokera kwanu ku Lifidzi, atasenza nyemba. Anapeza mwana akulira kutsogolo kwa televizau, ine ndili pakhonde ndikupalasa makina. Sanakhale n'komwe pansi. Anandifunsa kuti ndine bambo wamtundu wanji, wosoka mabuluku a anthu mwana akusefukira misozi m'nyumba. Anati filimu ya mwana wosiyidwa ndi mayi ndi malodza, kuti mng'ono wawo anaionera mpaka inamutenga, ndipo tsopano ndikudyetsa mwana maliro m'mawa ndi madzulo.

Ndinayesa kuwafotokozera, koma mkamwini ali ndi pakamwa pamaso pa achemwali a mkazi wake? Anati tisataye nthawi, afunse mwini mbumba. Anakuimbirani pomwepo, n'kukweza mawu a telefoni kuti tonse timve, ndi mwana yemwe.

Inu munali paphokoso, kaya kudoko kaya ku baraka komwera mowa. A Sílvia sanakuuzeni za kudya kwa mwana, sanakuuzeni za Amélia pamphasa. Anangokufunsani kuti filimu ya kabulu ija mukuiona bwanji. Inu munaseka. Munati ndi yotopetsa, simunaimalize n'komwe, angoichotsa amuikire mwana amphaka aziseka. Kenaka munati muli otanganidwa, n'kudula.

Ndikudziwa kuti inu munkangonena zokonda zanu, monga munthu anganenere kuti nyemba zoyera sazikonda. Koma alamu, mwaiwala kuti ndinu ndani? Kuchokera pamene atsibweni anu anamwalira, mwini mbumba ndinu. Mukatsokomola ku Beira, ku Lifidzi amati mwagamula mlandu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo pakamwa pa mwini mbumba sipoyankhulira zocheza anthu akakufunsani za mwana wamasiye.

A Sílvia anazula fulashi ija n'kuiponya pambaula. Mwana anaona ndi maso ake ikusungunuka. Sanalire. Ndikanakonda akanalira.

Nkhani sinathere pamenepo. A Sílvia atabwerera ku Lifidzi anakauza akuluakulu kuti ngakhale a Natanael aona kuti bambo uja sakulera bwino mwana. Mlungu wathawu kunabwera ankhoswe kudzandiuza kuti anthu akamaliza kukolola kudzakhala mwambo wondisudzula, ndipo tsiku lomwelo Mwayiwathu adzatsala ku Lifidzi kwa a Sílvia. Nditafunsa chifukwa, anati mwini mbumba anayankhula kale, iwo ndani kuti atsutse.

Mwaona tsono? Ndikulandidwa mwana chifukwa chakuti inu bulu samakusangalatsani.

Mwambo ndimaudziwa, musaganize kuti ndikuupondereza. Sindinalowole, mwana ndi wa mbumba yanu, ndipo a Sílvia si mfiti ayi, amamukonda mwanayu m'njira yawo. Koma Amélia asanatsikire kuli chete ananena pamaso panu kuti mwana apitirize sikola kuno ku Ulongwe ali ndi bambo ake. Munavomera mutagwira dzanja lake. Kodi mawu aja ndi opepuka kuposa zimene munanena mukuseka pa telefoni?

Ndinayendayenda kufuna filimu ija. M'mabaraka onse a pamsika oika mafilimu, amphaka ali ponseponse, koma kabulu palibe, akuti anthu saifuna. Ndinakwera njinga mpaka ku Kalomwe, ndinawoloka kukafika ku Dedza, ndipo kumeneko ndinaipeza. Ndinabwerera ndikuimba mluzu ngati ndapha nyama. Nditaika, mwana anamvetsera pang'ono, n'kuzimitsa. Inali ya Chingerezi. Anati bulu ameneyu si yemwe uja, sakuyankhula ngati amayi.

Pamenepo m'pamene ndinamvetsa. Mwanayu sankaonera bulu. Ankamvera mayi ake, mawu amene ankanenera limodzi aja, pamalo omwewo, mpweya womwewo. Ndi chokhacho chinatsala cha mawu a Amélia m'nyumba muno, ndipo chinapsa pambaula ndi chilolezo chanu.

Tsopano wabwerera kusadya. Apulofesora ake a ku sikola anandiitanitsa, akuti m'kalasi amangoyang'ana pawindo. Ndinayesa kumuikira amphaka monga munalamulira, a mwini mbumba. Anakhala pamenepo ngati chitsa, ine ndemwe ndinachita manyazi n'kuzimitsa.

Ndikupemphani zinthu ziwiri, ndipo sindikupempha mogwada, chifukwa moto uwu munayatsa ndinu.

Fufuzani pa kompyuta yanu pomwe munatenga mafilimu aja. Ngati kabulu wa Chipwitikizi akadalipo, mutumizeni ndi dalaivala amene wakupatsirani kalatayi. Musasankhe ina yomwe mukuti ndi yabwino kuposa. Sitikufuna yabwino, tikufuna yomweyo.

Chachiwiri, bwerani nokha mwambo usanachitike. Osati pa telefoni. Mudzakhale pamphasa ndi mwanayu, mudzaonere filimu yotopetsayo mpaka kumapeto, monga ndakhala ndikuchitira ine amene ndimaida kuposa inu. Mukadzatero, mupite ku Lifidzi mukanene pamaso pa a Sílvia ndi akuluakulu kuti tsiku lija munkanena za filimu, osati za ine. Mukadzaona ndi maso anu kuti ndikulephera kulera, mutengeni, sindidzatsekereza pakhomo. Koma asachoke chifukwa cha phwete lanu.

Dzulo ndikumukonzera yunifolomu yomwe yayamba kumukhwepa, anaima pafupi ndi makina n'kundifunsa ngati n'zoona kuti amalume akanena kuti chinthu sakuchikonda, chimachotsedwa pakhomo. Ndinati si nthawi zonse. Kenaka anafunsa kuti nanga iye anawalakwira chiyani amalume, popeza naye akuchotsedwa.

Alamu, ndinamuuza kuti ndikufunsani, ndiye ndakufunsani. Yankho lake mudzampatse nokha, mukumuyang'ana m'maso.

Mundiperekere moni kwa mayi akunyumba ndi ana, iwo sanandilakwire kanthu. Mulungu akusungeni ndi moyo, akupatseninso ulendo wabwino wobwera kuno chimanga chisanalowe m'nkhokwe.

Ndine mlamu wanu, bambo ake a Mwayiwathu,

Ilídio