Anasesa phanga, amayi

Amayi, kodi kumeneko kukuchitani bwanji?

Kuno tili bwino. Mvula inagwa ndithu, ndipo chimanga chachikasu cha chaka cha chilala chija tinachiiwala. Mlongo wanga Yosefe ali ndi mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Mbuzi ziwiri zinagundidwa ndi lole pa msewu waukulu, koma mumadziwa kuti mbuzi za ku Rufunsa sizimva.

Manje ndili ndi mlandu, ndipo woimbidwa mlanduyo ndinu.

Mukukumbukira phanga la kuseri kwa munda wathu, lija lili ndi zithunzi zofiira pamwala? Anyamata ophwanya miyala yogulitsa pamsewu anali atafika m'munsi mwake. Zaka ziwiri ndinalembera ofesi yosunga zinthu zakale ku Lusaka kuti abwere adzaone lisanathe. Potsiriza anayankha kuti atumiza munthu Loweruka, pamodzi ndi alendo awiri okaona malo. Ine, mphunzitsi wa mbiri yakale, wa digiri yonse, ndinaimirira m'tchalitchi n'kulengeza kuti, "Kuphanga kukubwera alendo." Sindinawonjeze kanthu.

Ndani anaphunzitsa azimayi a mudzi uno kuti mlendo asapeze chinyalala ngakhale pansi pa nkhokwe? Ndinu. Munkatiuza kuti, "Sesa kaye, udzafunsa pambuyo kuti akubwera ndani."

Lachisanu ndinakwera phiri ndipo ndinapeza mng'ono wanu, baEnelesi, ndi anzawo asanu. Anasesa phanga, amayi! Phulusa la anthu amene anaotha moto agogo a agogo anu asanabadwe, analikokolola n'kulitaya m'chigwa. Pansi anazira bwino ngati m'nyumba ya mkwatibwi. Khoma la zithunzi linapulumuka chifukwa madzi anawathera, koma sopo anali atamutulutsa kale.

Ndinakuwa mpaka anyani anathawa. BaEnelesi anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe Ruti, unafuna azungu akhale pa mapale osweka? Sukulu inakudya mutu."

Munthu wa ku Lusaka atafika anakhala pamwala, chipewa m'manja. Ine ndinkangoona phiri lathu likupita pa wilibala ya ophwanya miyala. Kenaka anagwada, anakanda pang'ono pakona, n'kumwetulira. Tsache linangotenga zapamwamba. Zapansi zinali momwemo, ndipo dothi lozira lija linazivundikira ngati chivundikiro cha mphika.

Pamenepo baEnelesi anamasula chitenje. Mapale onse okhala ndi mizere anali atawasunga, ati anawamvera chisoni. Anatenga limodzi n'kuyamba kufotokoza kuti mzere uwu anaudinda ndi udzu dongo lisanaume, uwu ndi mikanda, ndipo woumba uyu anali wamanzere komanso waulesi. Analankhula ola lathunthu. Alendo ankalemba m'mabuku awo. Ine wa ku yunivesite ntchito yanga inali kumasulira m'Chingerezi ndi kugwira ambulera.

Phanga lapulumuka, amayi. Anaikapo chikwangwani, ndipo ophwanya miyala amfumu anawapatsa mbali ina. Alendo amatsika basi kamodzikamodzi, ndipo timalowetsa anthu asanu basi pa nthawi imodzi. Kuthira madzi pazithunzi kuti ziwale pojambula n'koletsedwa, kutola phale n'koletsedwa. Woyang'anira ndi baEnelesi, ndipo amaopedwa kuposa apolisi a pa rodibuloko. Amaumba timiphika ta mizere yomweyo n'kugulitsa pansi pa phiri, kuti mlendo wa manja oyabwa apite ndi chatsopano, chakale asiye. Ngakhale ine amandiuza kuti, "Ponda m'mbali, mwana iwe."

Pali china chimene sindinakuuzenipo muli moyo. Nditabwera kuchokera ku yunivesite ku Lusaka chaka choyamba, munandiitana kuti ndidzaone mmene mumadindira mkhate. Ndinati ndili ndi mabuku oti ndiwerenge. Mabukuwo, amayi, anali okamba za miphika. Munaseka n'kupitiriza nokha.

Manja a baEnelesi ayamba kunjenjemera ndi ukalamba. Choncho Loweruka lililonse ndimakhala pambali pawo ndi dongo langa. Mphika wanga woyamba anati ukufanana ndi chipewa chimene anachikhalira munthu wonenepa. Wachitatu anangoti, "Mmm," ndipo mukudziwa kuti kwa iwo amenewo ndi mayamiko aakulu.

Ndikulonjeza kuti sindisiya mpaka nditaumba umene mukanavomera kuthiramo madzi.

Ndimakukondani kwambiri.

Mwana wanu wamakani uja,
Ruti