Ndapita Kukalavula ku Kacholola

Amake Ivan,

Musandifunefune, ndakwela basi ya ku Kacholola. Ivan waimba foni muli kudimba. Kamwana kake Tisunge kadwalanso, ndipo akuchikazi akuti chifukwa chake ndi mawu aja ndinamutembelela nawo Ivan atagulitsa ng'ombe yanga. Akufuna ndikalavule pansi iwo akuona, kuti mkwiyo wanga uchoke pa mwana.

Taonani nzelu za mwana wanu. Zaka zisanu malovu anali tho m'kamwa, iye osabwela. Lelo madokotala a ku Lusaka andiwotcha chotupa chapakhosi ndi makina awo, n'kuumitsa ndi zitsime za malovu zomwe, ndiye akufuna malovu. Ndayesela kuseli kwa nkhokwe, sipanagwe kanthu. Nkhuku zimangondiyang'ana.

Pepani, ndatenga mandimu anu amalonda aja ndi botolo la madzi. Nesi anati zowawasa zimaitana malovu, kaya amangondinyengelela. Ivan ndamuuza kuti mwana apite naye kuchipatala ndithu. Mawa mundiphikile delele, chimanga chokazinga mudye nokha.

Malovu akakana, ndidzangonena ndi pakamwa kuti ndamukhululukila. Mundipemphelele, chifukwa zimenezo n'zowawa kuposa makina aja.

Ndine,
Fernando