N7 ndi jakisoni wa ababa

Lachiwiri, 17 Okutobala 2023

Kutentha kwa lero, ayi ndithu. Mafuta asowanso, minibasi za ku Chileka kuno zochita kulimbirana, ndafika ku labu bulauzi itamatirira kumsana. Magetsi anazima, jenereta inachedwa kulira, maselo oyesera mankhwala a mnzanga wa mu labu Sangwani theka afa. Anga apulumuka, sindikudziwa kuti bwanji.

Masana foni ya amayi kuchokera ku Lirangwe. Ababa akukana kukabayitsa jakisoni wawo wa khansa ya pulositeti. Tsiku lawo linadutsa, kuchipatala awapatsa lina, Lachinayi sabata yamawa. Akuti sapita, akudikira mankhwala a mwana wawo. Mwana wakeyo ndi ineyo. Ndinangokhala pa masitepe, foni ili m'manja.

Lachitatu, 18 Okutobala

Zonsezi ndi achimwene a Dyton. Mu Ogasiti N7, mankhwala amene tikuyesa ku labu, atagwira ntchito koyamba, ndinaponya chithunzi pa gulu la banja pa WhatsApp, nkulemba kuti "agwira ntchito m'maselo!" Iwo powawerengera ababa, "m'maselo" uja anameza. Pano tchalitchi yonse ikudziwa kuti Naomi wa a Zakeyo wapeza mankhwala a khansa.

Wapeza chiyani? Kaufa kosadzaza ndi kunsonga kwa supuni, kopanga anzathu a ku Cape Town. Ntchito yanga ndi kusungunula, kudonthezera m'timbale ta maselo a khansa, kudikira, kuyang'ana ngati puloteni imene imakulitsa matendawo yatha. Ikatha, kamzere kakuda pa chithunzi kamasowa. Basi. Zaka zonsezi za sukulu, ndikusangalalira kamzere kosowa.

Lachisanu, 20 Okutobala

Ndatopa. Mawa ku Lirangwe.

Loweruka, 21 Okutobala

Kukwera mpaka pa Kameza, kuima padzuwa, kenako ya Lirangwe yodzaza matumba a feteleza. Pa Lunzu tinakhala mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Ababa aonda. Lamba aboola bowo lina. Ndinawapeza pakhonde, mtsamiro kumsana, akuyang'ana anthu ena akugalauza m'minda. Nditangopereka moni, nkhani yayamba. Akuti jakisoni uja amawatulutsa thukuta ngati akudwala malungo, khasu likuwalemera, munthu wasanduka chigoba. Amayi kukhitchini anandinong'oneza kuti palinso zina zimene bambo sangauze mwana wamkazi. Ndamva.

Ndinayesa kufotokoza bwinobwino. Ndati ababa, selo lililonse m'thupi lili ndi dzala lake, lilinso ndi wantchito woika chizindikiro pa zoti zitayidwe. Mankhwala athuwa ali ngati nkhoswe, dzanja lina agwira puloteni yoipayo, lina agwira wantchito uja, awakumanitse. Chizindikiro chikaikidwa, puloteni ulendo wa kudzala, nkhoswe apita kukagwira ina.

Anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope ili ngwee. Kuitana amayi: "Mayi a Dyton, mwamva? A manja awiri!" Kenako kwa ine: "Wabwera nawo?"

Ndati sanakonzeke. Iwo ati palibe kanthu, chimanga sitikolola tsiku lobzala, adikira. Mantha anga eti. Mawu oti "sanakonzeke" iwo amva ngati Khirisimasi ikubwerayi.

Lamulungu, 22 Okutobala

Potuluka m'tchalitchi mayi wina wa ku Mdeka anandigwira mkono, akuti amuna ake nawonso ndi vuto lomweli, ndiwaike patsogolo. Madzulo anatumiza nkhuku! Amayi anafuna kulandira, ine ndati ibwerere. Akuti ndachita mwano.

Kenako a Dyton kunditengera kuseri kwa khola. Nzeru zawo ndi izi: nditenge kabotolo ka ku labu, ndiikemo mavitamini a ku famase, ndiwauze ababa kuti awa ndi anga aja koma sagwira okha, amafuna jakisoni. Lachinayi adzanyamuka okha.

Ndinapsa mtima. Ndati munayambitsa ndinu ndi kuwerenga kwanu kodumphadumpha, lero mukufuna ndiwonjezere bodza pamwamba? Iwo osakweza ndi mawu omwe. "Iwe ukwera minibasi kubwerera kutimbale tako. Wowagwira mkono popita kuchimbudzi ndine. Ukufuna bambo wamoyo kapena ukufuna kukhala wolungama?"

Funso limenelo mpaka pano likundibaya.

Lolemba, 23 Okutobala

Ku labu. Zotsatira za sabata yatha zatuluka zokhota. Tinawonjezera mlingo wa N7 kuti tione, ndiye pa mlingo waukuluwo kamzere kabwereranso, puloteni ili phee ngati sitinathire kanthu. Ankhoswe akachuluka, wina agwira uyu, wina agwira uyo, awiriwo osakumana. Timadziwa kuti zimachitika, komabe zimagwetsa ulesi. Kuyambiranso.

Popakira ndinatsegula dilowa, kutenga kabotolo kopanda kanthu, kuponya m'chikwama. Sangwani anaona. "Asisi, kameneko nkachani?" Ndinamuuza zonse, mwina chifukwa chotopa. Anakanda mutu, nkunena kuti ababa akamva bwino adzati ndi mankhwala anu, Januwale pa jakisoni wotsatira adzafuna ena, a ku Mdeka nawo adzabwera ndi mbuzi. Ndati ndikudziwa. Kabotolo sindinabweze.

Lachiwiri, 24 Okutobala

Ndinadutsa pa famase. Ndinalowa, kufunsa mavitamini, mtsikana kundionetsa mitundu itatu. Ndatuluka ndi mankhwala a mutu, anga.

Ndege ya masana yadutsa pamwamba pa nyumba, malata kunjenjemera. Anzanga amene ndinaphunzira nawo ali kunja, akulemba mapepala. Ine ndili pano ndikuopa bambo anga ondibereka.

Lachitatu, 25 Okutobala

Ndapempha masiku awiri kuntchito. Ndafika ku Lirangwe dzuwa likupendeka. A Dyton kundiyang'ana chikwama, ine kupukusa mutu. Anangotembenuka, ulendo wa kudimba.

Ababa anali kuchipinda, msana wavuta. Ndinakhala pansi pafupi ndi bedi. Ndati ababa, Loweruka sindinalongosole bwino. Mankhwala aja palibe munthu anawamwapo, ndipo sindingakupatseni, akhoza kukuphani. Agwira ntchito m'kambale basi. Akachoka m'kambale amayesedwa kaye pa mbewa, kenako zina, anthu kumapeto kwenikweni.

"Mbewazo zikuchira?"

"Pa mbewa sitinafike."

"Ngakhale mbewa?"

"Ngakhale mbewa, ababa."

Anafunsa kuti zaka zingati. Ndati mwina khumi, mwina kuposa, mwinanso N7 adzakanika panjira tidzayambe wina. Ambiri amatero. Mawu amatuluka ngati ndikutafuna mchenga.

"Ndiye ine sindidzawalawa."

Ndinafuna kunena kuti Mulungu ndi amene adziwa, monga timanenera. Ndati ayi, ababa, simudzawalawa. Amene alipo ndi jakisoni uja, ndi woipa, ndikudziwa, koma ndi amene akugwira matendawa kuti asathamange. Mukamusiya msanawu uwonjeza.

Anati ndiwapatsire wailesi, nkutembenukira kukhoma. Chakudya chabwerera chosakhudza. Amayi sakundilankhula, a Dyton akuti ndawamaliza ndi manja anga. Mwina nzoona. Ndalira kubafa kuti asandimve. Ndatopa, Ambuye, ndatopa.

Lachinayi, 26 Okutobala

Ndadzuka mmawa kukatunga madzi, ndapeza ababa ali pakhonde atavala kale. Jekete la kutchalitchi, nsapato zopolisha, kutentha konseku. Sanandiyang'ane. Anauza amayi kuti, "Muuzeni afulumire, mzere umatalika."

A Dyton anawakweza pa kabaza mpaka pamsewu. M'minibasi ndinawasungira malo pambali panga, iwo anakakhala kutsogolo ndi dalaivala. Njira yonse ndimangoona kumbuyo kwa mutu wawo, khosi laonda mpaka kolala kuchita kulendewera.

Kuchipatala anthu ali thothotho. Tinapeza malo pa benchi, pafupi ndi bambo wina wachikulire wochezeka, wa ku Kuntaja, nayenso wa jakisoni yemweyu. Anacheza za mvula, za feteleza, za thukuta lija mpaka ababa anaseka pang'ono. Kenako bamboyo analoza ine.

"Awa ndi ana anu?"

Ababa, amene kondakitala aliyense wa pa Lirangwe anamuuzapo kuti mwana wawo ndi wasayansi, amene samatha moni osatchula Cape Town.

"Eya," anatero. "Wachiwiri. Amagwira ntchito m'tauni momwe muno."

Basi, osawonjezera. Nesi anaitana dzina lawo. Ndinaimirira kuti ndiwagwire mkono, iwo anandipatsa jekete kuti ndisunge, nkulowa okha.