Diresi ya mwana wanga yatuluka yowongoka

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 44, ntchito yanga ndi yojambula mapulani a nyumba. Mayi a kunyumba ali kumaphunziro kutali, ndiye za mwana wathu wamkazi ndikuyendetsa ndekha. Loweruka likubwerali ali ndi mwambo wotsanzikana kusekondale, ndipo anandipempha diresi ya fuleya. Sindinafune kuoneka mbuli, ndinangovomera.

Ndinamuyeza ndi tepi kawiri konse, n'kujambula diresiyo papepala ndi rula, mizere yowongoka kuchoka m'chiuno mpaka m'mawondo. Telala ataona pepalalo anaseka, amvekere: "Abwana, apa mwajambula thumba." Anandifunsa ngati ndikufuna fuleya yonse kapena ya hafu, n'kunenanso kuti mamita awiri amene ndinagula sakwana. Ndinaganiza kuti akufuna kundidyera nsalu, ndiye ndinamuuza kuti atsatire pepala basi.

Mwana ataivala anazungulira kamodzi pagalasi, diresi osagwedezeka n'komwe. Anangoti zikomo ababa, n'kuipinda. Mlongo wanga akuti fuleya ndi yamakwinya m'chiuno, mnzanga wa kuofesi akuti ndi yaifupi. Mutu wanga waima. Kodi fuleya n'chiyani kwenikweni? Imapendekeka madigiri angati?

Wothedwa nzeru,
G.T.M.

A G.T.M.,

Telala uja sanakunamizeni. Fuleya ndi siketi kapena diresi yogwira m'chiuno koma yonka itambasuka kumunsi, moti woivala akazungulira imatseguka ngati ambulera. Yonse imadulidwa mozungulira ndipo imadya nsalu yambiri; ya hafu ndi theka lake. Makwinya ndi nkhani ina, kufupika ndi inanso. Za madigiri zisiyeni kuofesi.

Diresiyo sinafe. Bwererani komwe munagula nsalu mukagule ina yowonjezera, mutenge diresiyo kuti mtundu ufanane. Telala angathe kumasula m'mbali n'kulowetsamo zidutswa zosongoka kumtunda, zotambalala kumunsi, kapena kusokanso siketi yokha. Mukafika kwa telalayo yambani ndi kupepesa, chifukwa munamukayikira pa ntchito yake. Mupite ndi mwanayo, ndipo telala akafunsa funso, inu tsekani pakamwa, ayankhe mwini chiuno.

Koma chenjerani: matelala sabata ngati ino amakhala ndi mulu wa madiresi a ana ena. Pitani mawa m'mawa, musadikire kuti muyambe mwamvetsa zonse.