Mabatani Athyathyathya

Lolemba, 3 Juni 2024

Malaputopu atsopano a bungwe lathu la alimi a khofi afika. Akale onse awatenga. Yanga ndinaigwiritsa ntchito zaka zisanu ndi zinayi. Mayi Msukwa, abwana athu, akuti ndisangalale, yatsopanoyi ndi yopepuka. Zoona, ndi yopepuka.

Kusiyana kumene ndapeza: yakale mabatani ake anali aataliko, olowa pakati ngati kasupuni, ndipo chala chinkakhazikika chokha. Ukaphonya, m'mphepete mwa batani munkakuuza. Yatsopanoyi mabatani ndi athyathyathya, osalala, onse ofanana. Ukadina satsika n'komwe. Ngati ukugogoda patebulo.

Lachiwiri, 4 Juni

Kuzizira. Zala zinauma mpaka cha m'ma 10.

Ndilembe zoona, poti buku lino saliwerenga wina. Diso lamanzere linasiya kuwerenga mu Disembala. Lamanja limawerenga zilembo ndikazikulitsa kwambiri, ndipo muofesi sindizikulitsa chifukwa tebulo la Sylvester, mnzanga woona za makompyuta, lili kumbuyo kwanga. Nsonga za zala zinachita dzanzi kalekale. Zonsezi ndi shuga. Ndinawerenga za matendawa maso akadali bwino, ndikudziwa mmene amayendera.

Palibe amene anazindikira chifukwa ntchito yanga ndi kulemba maminitsi anthu akuyankhula, ndipo ndimalemba osayang'ana. Ndinaphunzira pa taipi yachitsulo ku Zomba. Anthu kuno amati a Makwinja ali ndi maso m'zala. Samadziwa kuti ndi okhawo amene atsala.

Lachitatu, 5 Juni

Pa F ndi pa J pali timizere totukuka tosonyeza pokhazika zala. Sylvester akuti pa yatsopanoyi tiliponso. Wandigwira chala n'kuchiika pomwepo. Sindinamve kanthu. Ndamuuza kuti eya, ndatimva.

Ndapita kwa fundi wa mafoni kumsika, wadonthezera guluu pa mabatani awiriwo. Wafunsa ngati asweka. Ndati ayi, ndi chizolowezi chabe.

Lachisanu, 7 Juni

Msonkhano ku Misuku, kufupi ndi nkhalango ya Mughese. Nkhani ya malire pakati pa minda ya khofi ya mabanja awiri, mkangano wa zaka zinayi. Tinakhala panja, laputopu pamwendo. Guluu wa pa J anamatuka panjira, mwina ndi kugwedezeka kwa njinga yamoto. Ndinaona kuti ndikhoza kupitiriza ndi F yekha.

A Jacob Simkonda, mkulu amene anaona malirewo akuikidwa, anayankhula pafupifupi ola. Akudwala, anachita kuwanyamula pampando. Anatchula mtengo uliwonse, mwala uliwonse, kamtsinje kamene kanasintha njira. Mbali zonse zinavomera. Anthu anaomba m'manja, amayi ena nthungululu. Mayi Msukwa anati, "Mwalemba zonse, a Makwinja?" Ndinati zonse.

Masamba asanu ndi limodzi. Ndinamva m'manja kuti china sichili bwino, koma sindinaime. Padzuwa paja sikirini inali mbuu.

Loweruka, 8 Juni

Ndatsegula kunyumba, ndakulitsa zilembo mpaka mawu atatu kudzaza sikirini. Tsamba loyamba lili bwino. Kuyambira lachiwiri dzanja lamanja linasuntha, nthawi zina batani limodzi, nthawi zina awiri, kwina linakwera mzere wa pamwamba. Likanasuntha mofanana ndikanabweza chilembo chimodzichimodzi. Silinatero. Ndayesa maola atatu, ndapulumutsa ziganizo zisanu ndi zinayi. Maina a mitengo a Simkonda anawatchula m'Chisukwa, chiyankhulo cha kumeneko, ndipo ine ndinkangolemba mmene ndamvera. Sindingawakumbukire.

Mkazi wanga Loveness wandipeza mphuno ili pafupi kugunda sikirini. Sanafunse. Wangoti, "Bambo a Sarah, mchere munathira mu tiyi Lachinayi ndinauona." Kenako wapita kukachapa.

Lamlungu, 9 Juni

Sindinapite kutchalitchi.

Lolemba, 10 Juni

Mayi Msukwa anafuna maminitsi kuti mabanja awiri aja asaine sabata ino, maganizo asanasinthe. Ndinati laputopu yasokoneza. Sylvester anaitenga, anayang'ana. Kenako anati makinawo alibe vuto. Sananene mwachipongwe. Anangonena zoona, monga ndikananenera ine.

Mayi anatseka chitseko. Analemba mawu papepala ndi bolopeni n'kundipatsa.

"Tawerengani apa, a Makwinja."

Ndinaligwira pepalalo. Ndinaona kuti pali mizere iwiri yabuluu.

"Kuyambira liti?"

Ndinati Disembala. Anawerenga miyezi pazala, mokweza, mpaka isanu ndi umodzi. Anati akanadziwa akanatenga wina wolemba pamanja, kapena kujambula mawu pafoni. Sanajambule chifukwa kwa zaka zonsezi a Makwinja sanaphonyepo. Ndi momwemo.

Lachiwiri, 11 Juni

Sylvester anapita ku Misuku ndi foni kuti a Simkonda abwereze. Wabwerako madzulo. A Simkonda anawatengera kuchipatala Lamlungu, sakuyankhula. Banja limodzi layamba kale kunena kuti mwala umene unatchulidwa si umenewo.

Ndakhala ndikuganiza ngati ndingaimbe mlandu mabatani. Amene anawapanga anafuna makina opyapyala, ndipo kwa munthu woona ndi wa zala zamoyo kusiyanako n'kochepa. Kiyibodi yakale sinkandichiritsa. Inkangondibisa.

Lachinayi, 13 Juni

Ndapeza patebulo langa kiyibodi yakale ya kompyuta yapatebulo, yachingwe, yafumbi. Sylvester anaifukula m'sitolo. Mabatani aatali, olowa pakati. Ndinaika manja, zala zonse zinapeza malo ake nthawi yomweyo. Sylvester anati, "Akulu, ikanabwera sabata yatha." Ndinati ndikanapempha sabata yatha.

Maminitsi kuyambira lero azilemba Melissa wa polandirira alendo. Mayi Msukwa akuti ndilembe kalata yopempha tchuthi cha matenda, ndipite kuchipatala ku Mzuzu akandione maso. Za pambuyo pake sananene, ine sindinafunse.

Kalatayo ndinailemba pa kiyibodi yakaleyo, mphindi zitatu. Itatuluka mu pulinta ndinampatsa Sylvester kuti andiwerengere, pamaso pa onse. Anawerenga mpaka pansi. Anati palibe cholakwika ngakhale chimodzi.

Anandipatsa bolopeni, n'kuika chala chake pofunika kusaina. Ndinasaina pamenepo.