Phula pansi pa Pijoti ya a Paul

Lolemba, 2 Seputembala 2024

Ofesi tsiku lonse. Makalata a aphunzitsi, mutu kuwawa. Madzulo kwabwera mlamu wanga, a Eneya, akulu awo a malemu amuna anga a Paul. Nkhani yake yomwe ija: Pijoti igulitsidwe kwa ogula zitsulo, ndalama zithandize pomanga chiliza. Akuti, "Mlamu, pikapu yakalekale, ili pa njerwa pansi pa mango, nkhuku zikuikiramo. Mukusungiranji?"

Ndayankha mokweza, mwana wanga Mervis ali pomwepo. Ndati mwala wa pamanda a Paul udzachoka ku Zomba mpaka ku Malemia pa Pijoti yawo yomweyo, woyendetsa ine. Mwambo wa chiliza uli Loweruka, pa 12 Okutobala. Ndachita kulumbira. Kaya ndalumbiriranji.

Injini a Paul anaimaliza asanadwale. Imalira bwino. Kwatsala kukonza pansi pake. Ine pansipo sindinasuzumirepo chiyambire.

Loweruka, 7 Seputembala

Ndinaitana a Harun, owotcherera zitsulo pa Naisi. Ankathandizana ndi a Paul pa galimotoyi. Agona chagada, atenga sikuludiraiva, abaya pamene sipuling'i ya kumbuyo imagwirira chasisi. Yalowa ngati m'papaya lakupsa. Dzimbiri kuyoyokera kumaso kwawo. Chinyezi cha kuno kuchigwa, madzi a m'minda ya mpunga, zaka zonsezi.

Zopaka pansi akuti zilipo zitatu. Andasili wa m'zitini, wouma ngati labala, amapezeka ku Zomba. Kapena redi okusaidi ndi penti wakuda pamwamba pake, wotsikirako mtengo. Kapena phula losungunula ndi parafini, limene amapaka a ngolo.

Kenaka mawu amene sindinafune kumva: "Koma zonsezo ndi zapambuyo, mayi. Poyamba kupala, kudula chowolacho, kuwotchererapo chitsulo china. Mukapaka pamwamba pa dzimbiri, mwangolifunditsa bulangeti."

Atchula mtengo wa kuwotcherera. Ndagwedeza mutu ngati munthu woti ali nazo. Ndawapatsa tiyi ndi chinangwa.

Lachitatu, 11 Seputembala

Nthawi ya nkhomaliro ndathamangira ku Zomba. Sitolo ya zitsulo, amuna okhaokha. Wogulitsa akuti, "Abwana akutumani chiyani, mayi?" Ndati andasili, lilime kulemera. Chitini chimodzi mtengo wake ngati thumba la fetereza. Zikufunika zinayi. Ndafunsa redi okusaidi. Ameneyo ndikanakwanitsa, koma osati pamodzi ndi mtengo wa a Harun. Ndanamizira kuti foni ikulira, ndatuluka nayo kukhutu. Foni yozima.

Mwala ndinalipira kale, wakuda, zilembo zagolide. Ndinasankha wodula dala kuti abale a Paul aone. Fizi ya Mervis ku koleji mwezi wamawa.

Rhoda, mnzanga wa mu ofesi, akuti ndingowauza a Eneya zoona, asonkhe nawo. Ine kukapempha kwa munthu amene ndinamukwezera mawu? Ayi.

Lachisanu, 13 Seputembala

Phula. Ndagula kwa a Jonasi, amene amamata malata odontha, kuseri kwa msika wa pa Naisi. Chigubu chodzadza, mtengo wa nkhuku imodzi. Kumene amalitenga sindinafunse.

Njira yake imadutsa pa shedi ya a Harun. Ndapendeketsa ambulera mbali yawoyo, chigubu m'chikwama cha kumsika, masamba a mpiru pamwamba. Mayi wa zaka makumi asanu, mlembi wa Mvano, kuzemba ngati wakuba mbuzi.

Loweruka, 14 Seputembala

Mervis anapita kwa mnzake ku Zomba. Mpata.

Ovolosi ya a Paul, miyendo ndapinda. Phula pamoto m'chitini chakale, parafini pang'ono nditaphula, burashi yopakira laimu. Ndayamba ndi kupala, monga ananenera a Harun. Mkono kutopa, dzimbiri osatha, pamene ndapala pakubooka. Ndasiya. Ndangoyamba kupaka.

Pa bowo la sipuling'i lija ndatsekapo kansalu ka chiguduli, phula lambiri pamwamba. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Ndilembe zimenezo, ndisadzadzinamize.

Dzuwa litakwera, amayi a Mvano akupita kokasesa ku tchalitchi. A Victoria pakhomo, "Odi, odi kuno." Ine zii pansi pa galimoto, miyendo ndakokera mkati, phula likudonthera m'tsitsi. Aima nthawi ndithu. Wina akuti, "Kukununkha msewu kuno." Aseka, apita.

Madzulo pansi ponse bii, kunyezimira. Kukongola kwake. Ovolosi ndaponya kuseri kwa bafa. Tsitsi ndadula mbali imodzi, mawa duku.

Lachitatu, 18 Seputembala

A Eneya. Agwada ndi thalauza lawo labwino, asuzumira pansi, akhala nthawi. Podzuka avula chipewa. "Mlamu, ndinakuderelani. Mundikhululukire. Wagwira ntchitoyi ndani?"

Ndati a Harun.

Bodzalo linangotuluka lokha. Ndikanati ndine akanafunsa za kuwotcherera.

Akondwa. Akuti popeza yalimba chonchi, palibe chifukwa cholipira ngolo, simenti ya chiliza tidzakwezanso pomwepo. Ndati chabwino. Andisiyira tomato wa kudimba kwawo, beseni lodzadza. Sindikumufuna n'komwe. Ndagawira a neba.

Lamulungu, 22 Seputembala

Pijoti taitsitsa pa njerwa, matayala apopa anyamata a kabaza. Ndayendetsa mpaka pa mlatho wa Domasi ndi kubwerera, yopanda katundu. Giya ya pa chiwongolero, dzanja lakumbukira lokha. A Paul anandiphunzitsira m'menemu tili achinyamata, pa bwalo la mpira, akuseka ine ndikuzimitsa injini. Mpando ukadali ndi dzenje la thupi lawo.

Anthu kuima m'mbali mwa msewu. Mdala wina wakweza ndodo, akufuula dzina la a Paul. Mervis mutu pawindo, akuimba. Ndaseka mpaka misozi, koyamba chichitikire maliro.

Za bowo ndakumbukira pozimitsa. Yayenda bwinobwino. Mwina a Harun amakulitsa nkhani kuti apeze ntchito. Ndadziuza choncho.

Lachinayi, 3 Okutobala

Mwala watha, tikatenge Loweruka. Ndinaganiza zopita kwa a Harun kuti angowotcherera pamodzi pomwepo. Ndiye kuti aone phula, aone chiguduli. Ndafika pa siteji, ndabwerera.

Lolemba, 7 Okutobala

Sindinathe kulemba.

Loweruka tinakweza mwala ku Zomba, woimika, wokuta mabulangeti, matumba a simenti m'mbali. A Eneya kutsogolo ndi ine. Mervis anati akhala kumbuyo agwirizire mwala wa adadi ake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuletse. A Eneya anali pomwepo. Ndinatseka.

Pa tara ponse bwinobwino. Titakhotera msewu wafumbi wa ku Malemia, pa ngalande ija ya pafupi ndi minda ya mpunga, phokoso ngati mfuti. Kumbuyo kunakhala pansi mbali imodzi. Kenaka kukuwa kwa Mervis.

Mwala unagwera phazi lake, n'kumenya chitseko cha kumbuyo, n'kusweka pawiri. Mng'alu wadutsa pakati pa dzina. PA mbali iyi, UL mbali iyo.

Mafupa awiri a phazi. Pulasitala mpaka m'bondo. Adokotala akuti ayenda, koma koleji ayamba mochedwa.

Ine ndili kuchipatala, a Eneya analowa pansi pa galimoto, anasolola chiguduli chija. Anakwera kabaza mpaka pa Naisi. Anawatukwana a Harun pamaso pa makasitomala, chiguduli m'manja, akuti wakuba, wofuna kupha mwana wamasiye, wodyera mayi wamasiye. Madzulo a Eneya anandifotokozera okha. "Musadandaule mlamu, ameneyo ndathana naye."

Ndinati zikomo.

Lachiwiri, 8 Okutobala

A Harun pa geti ya ofesi, nthawi yoweruka. Sanapereke moni. Akuti mwini minibasi wina wachotsa galimoto yake pa shedi, wa chigayo wabweza ntchito ya mageti. Ku mzikiti awafunsa.

"Mayi, ine ana ndili nawo ambiri, dzina ndi limodzi. Sindinakutchuleni chifukwa cha malemu. Koma Loweruka lisanafike munene nokha, apo ayi ndibwera kumanda komweko ndidzanene ine."

Ndinayamba zoti ndalama zinavuta. Anandidula. Akuti ndikanawauza, akanawotcherera pamodzi pomwepo ndi kachitsulo kotsala, zolipira tikanakambirana. Rhoda anali pambali akudikira minibasi. Wamva zonse. M'minibasi sanandiyang'ane, wangondilipirira.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndikumusambitsa Mervis, phazi pa mpando, pulasitala m'jumbo. Walankhula akuyang'ana kukhoma.

"Ovolosi ya adadi ndinaipeza kuseri kwa bafa, yaphula. Ndinadziwa kuti munapaka ndinu. Ndinanyadira, amayi. Ndinauza anzanga. Ndimayesa mukudziwa zimene mukuchita."

Kenaka, "Za bowolo munkadziwa pamene ndimakwera?"

Ndinafinya thaulo. Madzi anatha, ndikufinyabe. Ndati eya.

Sanalire. Wati ndimupatse chitenje, atsiriza yekha.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndapempha tchuthi. M'mawa kudimba kwa a Eneya. Ndanena zonse ndili chiimire, iwo akuthirira tomato. Amaliza mzere wonse. Aika kheni pansi. "Mukundiuziranji ine kuno kopanda anthu? Munthu ndinamutukwanira pa Naisi."

Tapita limodzi. Pa shedi anthu ndithu, a kabaza, amayi a tomato, a Jonasi omwe ali poteropo. Ndanena kuti a Harun sanagwirepo Pijoti, anandichenjeza, phula ndinapaka ndine, chiguduli ndinaika ndine, dzina lawo ndinanamizira. Mawu kuchepa, makina odulira zitsulo akulira. A Harun azimitsa makina. "Sanamve. Bwerezani."

Ndabwereza. Mayi wina waseka, mnzake wamugunda ndi chigongono. A Eneya agwada pa fumbi, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, chifukwa cha bodza langa. A Harun awadzutsa. Ayatsanso makina.

Mwala wina palibe. Amisiri akuti alumikiza ndi simenti, mng'alu uzioneka. Upita pa ngolo ya ng'ombe. Pijoti ikadali pa ngalande, ana akusewereramo.

Mervis wadya atatembenukira kukhoma. Ndamufunsa ngati Loweruka ndimupezere njinga yomufikitsa kumanda, ine ndizimugwirizira. Wati a Eneya amusemera ndodo, ayenda yekha. Wati ndisamugwire.

Kuchokera pa msewu kukafika kumanda ndi kamtunda ndithu, miyala yokhayokha. Ndidzayenda kumbuyo kwake.